Zimene ndidaphunzira pa Chitima popita ku Songo

Mwezi wa Okutobala ndidanyamuka kwathu ku Ulónguè kupita ku Songo pa ntchito ya wailesi. Munthu wa ku Angónia akamatsetsereka kulowera ku chigwa cha Zambezi amavula juzi asanafike pa Moatize, ndipo akamaoloka mlatho wa Samora Machel amakhala ataiwala kale kuti kumudzi adafunda mabulangete awiri. Nyengo imeneyi mu mzinda wa Tete kutentha kumafika madigiri 40 n'kupitirira. Ndidagona usiku umodzi, m'mawa mwake n'kukwera chapa.

Kuchokera ku Tete kukafika ku Songo pali makilomita pafupifupi 150. Mumayamba ndi msewu wa ku Changara, kenaka pa Matambo mumakhotera kumanja. Dziko lake ndi la malambe, miyala, mbuzi ndi mitsinje ya mchenga wokhawokha. Apa ndi apo mawaya akuluakulu a magetsi amadutsa pamwamba pa midzi, koma pa madenga ambiri chimene ndinkaona ndi timasola ting'onoting'ono. Pamene pali sola pali batire, ndipo nkhani ya batire inkandiwawa mumtima, chifukwa pa zaka zitatu ndidali nditagulira amayi anga mabatire atatu kumudzi, onse n'kufa.

Pa Chitima chapa idaima, dalaivala n'kunena kuti sanyamuka mpaka mipando idzaze. Ndidatsika kukafuna mthunzi. Pansi pa mtengo waukulu padali mmisiri wa mabatire ndi tebulo lake lakuda ndi asidi, ndipo pambali pake padaima magalimoto awiri a nambala za ku South Africa. Awa ndi magalimoto aja okhala ngati nyumba zoyenda: kumbuyo kuli bedi, firiji, mbaula, thanki ya madzi, pamwamba tenti ndi sola. Alendo otere amabwera kunyanja ya Cahora Bassa kudzawedza mcheni, nsomba ya mano akuthwa ija, ndipo amatha sabata ali m'tchire popanda magetsi a pa waya.

Eni ake adali madala a imvi ndi mkamwini wawo. Nditawapatsa moni m'Chipwitikizi, madalawo adayankha bwino lomwe. Adandiuza kuti ali mnyamata adagwirako ntchito ya magetsi pomanga damu, ndipo adachoka m'dziko muno mu 1975.

"Nanga bambo, mwaima pano chavuta n'chiyani?" ndidafunsa.

"Firiji yandidyera mabatire usiku, mwana wanga," adatero akuseka. "M'mawa uno injini yakana kulira. Akadapanda mkamwiniyu bwenzi ndikadali ku Changara."

Adatsegula boneti n'kundionetsa batire limodzi, kenaka adandionetsa lina kumbuyo pansi pa bedi. Galimoto yotere imayenda ndi mabatire awiri. Lakutsogolo ntchito yake ndi kuliza injini basi. Lakumbuyo ndi la m'nyumba: firiji, nyale, pampu ya madzi ndi mafoni. Pakati pawo pali kachida kamene kamawalumikiza injini ikamalira kuti onse atchajidwe, n'kuwalekanitsa ikazima. Kachidako kadakakamira, ndiye firiji idamwa moto wa onse awiri usiku wonse.

Ine ndidafunsa funso limene mwina inunso mukadafunsa: bwanji osangogula mabatire awiri ofanana? Apa adayankha ndi amisiri aja, m'Chinyungwe chosakaniza ndi Chipwitikizi.

"Achimwene, kunja amafanana koma m'mimba ndi osiyana," adatero. Adandionetsa batire long'ambika limene lidali pansi pa tebulo. Batire lililonse la mtovu la mavolti 12 lili ndi zipinda 6, ndipo m'chipinda chilichonse muli mapuleti a mtovu omizidwa mu asidi. Lolizira injini lili ndi mapuleti opyapyala koma ambiri, kuti litulutse mphamvu yaikulu kwa kamphindi kochepa. Likangoliza injini, galimoto imalibwezera moto wake nthawi yomweyo. La m'nyumba, limene pa bokosi amalemba kuti deep cycle, lili ndi mapuleti ochindikala, ndipo limapereka moto pang'onopang'ono usiku wonse. Loyambalo lili ngati anyamata okankha galimoto yotitimira, lachiwirilo lili ngati ng'ombe yokoka ngolo kuchokera kumunda mpaka kumsika. Mukatenga lolizira injini n'kumalikama usiku uliwonse mpaka nyale izime, mapuleti ake amayoyoka ndipo silimaliza chaka.

Mtima wanga udagunda. Mabatire atatu a amayi anga onse adali a galimoto.

Pamene amisiri ankasintha kachida kaja, madala ndi mkamwini wawo adayamba mkangano umene unkaoneka kuti ngwakalekale. Madalawo batire lawo la m'nyumba ndi la mtundu wa AGM, pamene mkamwini lake ndi la lithium. Ine ndidakhala pa chitsa n'kumalemba.

Mtundu woyamba ndi uja timaudziwa tonse, batire la madzi lokhala ndi zitsekerero pamwamba. Ndi lotsika mtengo kuposa onse ndipo limapezeka ngakhale pa Chitima pomwepo. Koma limafuna kuyang'aniridwa: madzi amachepa, limatha kutaya asidi pa msewu wa mabampu, ndiponso potchaja limatulutsa mpweya woyaka moto. N'chifukwa chake saliika pansi pa bedi popanda potulukira mpweya.

Mtundu wachiwiri ndi wa madalawo. AGM nalonso ndi la mtovu ndi asidi, koma asidiyo adamwetsedwa m'tinsalu ta ulusi wa galasi, choncho satayika ndipo batire limapirira kugwedezeka. Silifuna kuthiridwa madzi, ndipo silitsegulidwa. Mbale wake ndi batire la gel, limene asidi wake adamuumitsa ngati phala. Onse awiri amadana ndi kutchajidwa mopitirira muyezo, chifukwa akauma m'kati palibe pothirira.

Mkamwini uja adanyamula lake ndi dzanja limodzi kuti andionetse. Batire la mtovu la 100 Ah limalemera makilo 25 mpaka 30, pamene la lithium lofanana nalo limalemera pafupifupi theka lake. Nambala ya Ah imeneyi ndi kukula kwa nkhokwe ya moto. Koma nkhokwe ya mtovu sumaitapa mpaka pansi: kuti batire likhalitse umangotapa theka, ndiye kuti pa 100 zako ndi 50 zokha. La lithium umatha kutapa 80 kapena 90 popanda kulipweteka. La mtovu la m'nyumba limatha kutsitsidwa ndi kudzazidwa maulendo mazana angapo, pamene la lithium, la mtundu wa LiFePO4 umene amaika m'magalimoto otere, limapitirira maulendo 2,000.

"Muuzenso mtengo wake!" adakuwa madala aja.

Mkamwini adavomera kuti pogula lithium amatulutsa ndalama zambiri, ndipo limafuna tchaja yakeyake pakati pa injini ndi batire. M'kati mwake muli kabolodi kamene kamalizimitsa likatentha kwambiri kapena likatsika kwambiri. Silifunanso kutchajidwa pamene kwazizira mpaka madzi kuundana, ngakhale vuto limenelo ku Tete kulibe. Madalawo mfundo yawo idali yakuti kabolodiko kakafa uli kutali ngati ku Zumbo, palibe mmisiri wa pansi pa mtengo amene angakuthandize, koma batire la mtovu ulipeza m'sitolo iliyonse ya zida za galimoto. Mkamwini mfundo yake idali yakuti iye adzagula kamodzi pamene apongozi ake adzagula katatu. Ine ndidaona kuti onse akunena zoona.

Chimene adagwirizana onse atatu ndi chakuti mdani wamkulu wa batire m'chigwa muno ndi kutentha. Mabatire a mtovu amapangidwa poganizira madigiri 25. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10 pamwamba pa apo n'kukhalitsa, moyo wa batire umadulidwa pakati. Madzi amauma msanga, mapuleti amadyeka. N'chifukwa chake mkamwini adaika lake m'kati mwa galimoto pamthunzi, kutali ndi injini.

Amisiri adatulutsa kamita kawo koyezera n'kundiphunzitsa kuwerenga. Batire la mtovu likapuma maola angapo popanda cholumikizidwa, lodzaza limaonetsa 12.6 kapena 12.7. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti latsala theka, zimitsani zinthu. Likatsika pansi pa 12 mwayamba kulipha. Injini ikamalira, muyezo uzikhala pakati pa 13.8 ndi 14.4. La madala aja lidali litatsika kwambiri, ndipo adawauza kuti alidzaze tsiku lomwelo. Batire la mtovu likagona lopanda moto masiku ambiri, pa mapuleti pamamera chikhungu choyera cholimba chimene sichisungunukanso, ndipo nkhokwe imachepa mpaka kalekale.

Ndidawafunsa za madzi, chifukwa kumudzi amayi ankathira a pa chitsime.

"Pepani achimwene, pamenepo ndiye mudalimaliza," adatero amisiri. Madzi a pa chitsime ndi a pa mjigo ali ndi mchere umene umaononga mapuleti. Ofunika ndi madzi a batire ogula m'botolo, ndipo nyengo yotentha muziyang'ana mwezi uliwonse kuti mapuleti ndi omira. Asidi saonjezera, pakuti chimene chimauma ndi madzi okha. Mitu ya batire ikachita ufa woyera kapena wobiriwira, itsukeni ndi madzi osungunuliramo soda, muumitse, mumange zolimba, mupake mafuta a Vaseline. Pochotsa batire pa galimoto yambani ndi waya wa chizindikiro chochotsera, pobwezera mumalizire womwewo. Fodya ndi machesi zikhale kutali. Batire lakufa musaliswe pakhomo pofuna mtovu, chifukwa mtovu ndi poizoni makamaka kwa ana. Libwezeni kwa ogulitsa.

Chapa idaliza hutala. Ndidatsanzikana nawo, ndipo madala aja adandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ukagule limodzi labwino ndi kabokosi kolamulira moto wa sola. Usalumikize sola ndi batire mwachindunji."

Kuchoka pa Chitima msewu umakwera phiri mokhotakhota, ndipo mukafika pa Songo mpweya umapepuka, mitengo n'kubiriwira. Madzulo ndidapita kukaona damu. Khoma lake ndi lalitali mamita 171, lotsekereza Zambezi pakati pa mapiri awiri. Adayamba kulimanga mu 1969, nyanja idayamba kudzaza kumapeto kwa 1974, ndipo mu 2007 gawo lalikulu la kampani yake lidabwera m'manja mwa Mozambique. Makina asanu amene ali m'phanga pansi pa phiri amatulutsa mamegawati 2,075. Mawaya ena amachoka pamenepo n'kuyenda makilomita pafupifupi 1,400 mpaka kufupi ndi Johannesburg, dziko lomwelo kumene alendo anga adachokera. Ndidaima pamenepo n'kumaganiza kuti usiku umenewo iwo akagona m'mbali mwa nyanja yomweyi akudalira bokosi la mavolti 12, chimodzimodzi mayi wa ku Chitima wofuna kumvera uthenga wa maliro pa wailesi.

Kusiyana kwake n'kwakuti mlendo amadziwa nkhokwe yake, pamene ambiri a ife timangogula chimene chili chotsika mtengo pa msika. Akuluakulu adati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Pobwerera ndidatsika mu Tete n'kugula batire la deep cycle, kabokosi kolamulira moto, botolo la madzi a batire ndi kamita koyezera. Ndalama zake zidandipweteka, koma sizidafike pa zimene ndidataya pa atatu aja. Kumudzi ndidaliika pa thabwa, pakona yozizira yodutsa mphepo, ndipo mdzukulu wa amayi wa sitandade sikisi ndiye ndidamupatsa udindo wowerenga kamita madzulo aliwonse.

Tsono inu amene muli ndi sola padenga, kapena mumayenda ndi firiji pa galimoto, musanatulutse ndalama funsani wogulitsa kuti batirelo ndi lolizira injini kapena la m'nyumba. Akakanika kuyankha, pitani sitolo ina.