Kuyeza BP ndi chala pa foni

Pa chipatala cha St Gabriel's ku Namitete kapena cha Kabudula, kayezedwe ka BP n'kodziwika: namwino amamanga lamba pamkono, mpweya n'kulowa mpaka mkono kuthina, manambala n'kutuluka. Chovuta ndi ulendo. Agogo a kumudzi wakutali ndi Nsaru sangalipire kabaza kuti akangoyezetsa pomwe sakumva kupweteka paliponse, chonsecho matenda othamanga magazi nthawi zambiri amabwera mwakachetechete. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa Amalawi atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali nawo, ambiri osadziwa n'komwe.

Mu 2023, akatswiri a pa yunivesite ya California ku San Diego anaonetsa kachipangizo ka pulasitiki kopanira pa kamera ya foni. Munthu amakanikiza chala, tochi ya foniyo imaunika magazi a kunsonga kwa chalacho, ndipo pulogalamu imawerengera BP poona mphamvu yokanikizira ndi kagundidwe ka magazi. Kupanga kamodzi kunkadya masenti 80, osafika ndi dola imodzi yomwe.

Komabe phuma lisakhalepo. Mawotchi a Samsung oyeza BP amafunabe lamba uja milungu 4 iliyonse kuti asamaname, ndipo mu 2022 bungwe la European Society of Hypertension linalangiza madokotala kuti asadalire kaye zipangizo zopanda lamba popereka chithandizo. Kachipangizo kotchipako kamafunanso foni yamakono yokhala ndi moto, pomwe m'midzi yopanda magetsi ya ku Nambuma kutchajitsa foni n'kolipira.