Kiyibodi Yowala Imene Inandicititsa Manyazi

Acinyamata anzanga, kodi munagulapo cinthu cifukwa cabe maso acikonda? Ine zinandicitikira mu 2024, ndipo ndifuna kukusimbirani kuti inu musagwe m'dzenje limene ndinagwamo.

Pa kompyuta yanga ndimalembapo makalata a gulu lathu ndi lipoti la zopereka. Madzulo ndimaseweranso magemu, sindibisa. Tsiku lina kiyibodi yanga inaleka kulemba cilembo ca "a", ndipo mudziwa kuti m'Cinyanja sungamalize mzere popanda cilembo cimeneci. Ndinasunga ndalama miyezi itatu ndi kupita m'tauni mu Lusaka.

M'sitolo ina ndinaona kakiyibodi kakang'ono ka mabatani 61, kowala mitundumitundu ngati utawaleza. Wogulitsa atakadina, kanalira mokoma, khethe khethe khethe. Sindinafunse kanthu. Ndinalipira.

Usiku woyamba mng'ono wanga, amene ndimagona naye cipinda cimodzi, anatseka buku lake. Anali kukonzekera mayeso a Giredi 12. Anati, "Akulu, kodi ndiwerenge kapena ndimvetsere ziwala zanuzi?"

Cacikulu cinabwera pakutha kwa mwezi. Kiyibodi yathunthu imakhala ndi mabatani 104 kapena 105, ndipo kudzanja lamanja kuli kagulu ka manambala kamene zala zanga zinazolowera. Yatsopanoyi inalibe kaguluko. Polemba lipoti ndi manambala a mzere wapamwamba, ndinalemba K540 m'malo mwa K450. Pamsonkhano msungacuma anawerenga ndalama kawiri konse. Mkulu wa mpingo anandiyang'ana nati, "Mwanawe, nanga K90 ina ili kuti?" Tinapeza colakwaco m'kabuku ka pamanja, koma mphindi zimenezo sindidzaziiwala. Wolakwa ndinali ine, amene ndinagula cida cosayenera nchito yanga.

Pambuyo pake ndinayamba kufunsa mafunso amene ndikanafunsa poyamba. Makiyibodi ofala ali mitundu iwiri. A membrane ali ndi mphira pansi pa mabatani. Ndi ochipa ndiponso sasokosa. A mechanical ali ndi kaswichi ka sipuling'i pansi pa batani lirilonse. Ndi odula koma amakhalitsa. Maswichi ameneŵa amadziwika ndi mtundu wake, potsatira a kampani ya ku Germany yochedwa Cherry. Abuluu ndiwo amalira, monga anga aja. Ofiira amatsika mosalala, ndipo osewera magemu ambiri amawakonda. Abulauni ali pakati: cala cimamva kuti batani lagwira, koma phokoso ndi locepa.

Ngati mumasewera, yesani cinthu cimodzi musanalipire. Dinani W, A, Shift ndi Space pamodzi. Makiyibodi ena ochipa samva mabatani onse akadinidwa nthawi imodzi, ndipo munthu wanu m'gemu amakana kulumpha. Onaninso pamene pali cizindikiro ca @. Pa kiyibodi ya ku America cili pamodzi ndi 2, koma pa ya ku Britain cili pafupi ndi Enter. Kompyuta ikachunidwa mosiyana ndi kiyibodi, mudzadina cina nikutuluka cina. Magetsi okongola aja sawonjezera liwiro ngakhale pang'ono.

Kakiyibodi kaja ndinakagulitsa pamtengo wotsika kwa mnzanga amene amasewera cabe, ndipo kwa iye ndi kabwino ndithu. Ine ndinagula yathunthu, ya waya, ya maswichi abulauni, yopanda kuwala kulikonse. Ndimalembera lipoti, ndimasewera, ndipo mng'ono wanga amagona.

Nkhaniyi inandikumbutsa za Samueli ku Betelehemu, m'buku la 1 Samueli mutu 16. Ataona msinkhu wa Eliabu anaganiza kuti wapeza mfumu, pamene wosankhidwa anali kubusa ndi nkhosa. Ngati mneneri ananyengedwa ndi maso, nanga ine ndi inu?

Tsono musanatulutse ndalama zimene mwavutikira, khalani pansi ndi kudzifunsa kuti: Kodi cinthu cimeneci ndidzacigwiritsa nchito yanji tsiku ndi tsiku? Nanga amene ndikhala nawo m'nyumba cidzawakhudza bwanji? Mukafika m'sitolo, pemphani wogulitsa akulumikizireni kiyibodiyo ku kompyuta, mulembe dzina lanu ndi manambala angapo. Akakana, pitani pa sitolo ina.