Mapazi Ayambe Anyowa

Anzanga achinyamata, mafunso amene ndimalandira tikamatuluka m'msonkhano wathu wa Loweruka amafanana kwambiri. Wina walemba mayeso a Grade 12 koma sadziwa kumene ndalama za koleji zidzachokera. Wina wamaliza maphunziro ku Copperbelt University kapena ku NORTEC, makalata ofunsira ntchito watumiza ambirimbiri, yankho palibe. Wina amalume akumuitana ku Solwezi kuti akayese mwayi, pamene amayi ake ali okha kunyumba. Onsewa funso lawo ndi limodzi: kodi ndidikire kufikira Mulungu atandionetsa njira yonse, kapena ndinyamuke?

Funso limeneli ndi lolemera kwa ife ana a ku migodi, chifukwa makolo athu anakula pa nthawi imene zamawa zinkaoneka ngati zodziwika. Kampani ya ZCCM, imene inakhazikitsidwa mu 1982, inkapereka nyumba, zipatala, sukulu ngakhale mabwalo a mpira. Mnyamata wa ku Wusakile kapena ku Chamboli ankadziwa kuti akakula adzalowa pansi monga atate ake. Koma kuyambira mu 1997 boma linayamba kugulitsa migodi, ndipo mu 2000 Nkana ndi Mufulira zinapita m'manja mwa Mopani. Anthu zikwizikwi ntchito inawathera, ndipo ku Ndola nakonso mafakitale ambiri anatseka m'zaka zomwezo. Ifenso tinaziona mu 2020, pamene eni a Mopani analengeza kuti ayamba aimitsa ntchito, mabanja nagwidwa ndi mantha. Mtengo wa mkuwa umagamulidwa kutali, pamsika wa ku London. Kodi mtima wa Mkhristu ungatsamire pa chinthu chotere?

Tawerengani Yoswa mutu 3. Aisraele anafika pa Yordano nthawi yokolola, mtsinje utasefukira. Mulungu akanatha kuumitsa madziwo usiku, anthu ali m'tulo, kuti m'mawa angopeza njira youma. Sanatero. Ansembe onyamula likasa anayenera kuyenda kufikira mapazi awo atanyowa, ndipo pamenepo ndi pamene madzi anaima. Iwo analibe mapu a tsidya linalo. Anali ndi lonjezo, ndiponso ankadziwa phazi loyamba pamene liyenera kuponda.

Nkhani yotere inachitikanso kwathu kuno. M'zaka za m'ma 1920 anthu anabwera kudzafuna ntchito kuchokera ku Nyasaland ndi m'madera ena ambiri. Anasiya minda, abale ndi mipingo yawo, nafika kumalo achilendo kumene kunalibe m'busa wowasamalira. Sanadikire kuti amishoni abwere. Anayamba kusonkhana okha, anthu a mitundu ndi mipingo yosiyana, nasankha akulu awo, nasonkha ndalama pa malipiro awo ochepawo, namanga nyumba zopemphereramo. Mpingo wawo unatchedwa Union Church. Iwo sankadziwa kuti kambewu kawoko kadzakhala umodzi mwa mizu ya United Church of Zambia, imene inabadwira ku Mindolo pa 16 Januwale 1965. Anangochita chimene chinali patsogolo pawo.

Inenso ndinaima m'mbali mwa Yordano wanga. Nditamaliza koleji ndinakhala zaka ziwiri wopanda ntchito. Ndinkapemphera, ndinkasala kudya, ndipo foni ikalira mtima unkagunda. Tsiku lina mkulu wa mpingo wina anandifunsa kuti, “Mwana wanga, pamene ukudikirapa, m'manja mwako muli chiyani?” Ndinayankha kuti ndimadziwa masamu basi. Akulu a mpingo anandilola kugwiritsa ntchito kachipinda ka Sande sukulu pakati pa sabata, ndipo ndinayamba kuphunzitsa ana atatu okonzekera mayeso. Ndinkaopa kuti anzanga adzandiseka, munthu wa pepala la koleji kumalandira timakwacha tochepa kwa amayi ogulitsa tomato. Ena anasekadi. Sindinalemere, ndipo kalata imene ndinkayembekeza ija sinabwere. Koma anawo anachuluka, ndinayamba kugula ufa kunyumba, ndipo m'kachipinda kameneko ndinazindikira kuti Mulungu anandiitanira ku ntchito ya pakati pa achinyamata. Ndikanakhala pansi kudikira njira youma, sindikanadziwa.

Koma tichenjere, abale. Kuyenda m'chikhulupiriro si kudumphira m'madzi mwachisawawa. Ansembe aja anaponda Yordano chifukwa Mulungu anali atalankhula, osati chifukwa cha phuma. Munthu akakuuza kuti umupatse ndalama kuti akupezere ntchito kumgodi, kapena kuti upite kudziko lakunja popanda mapepala oyenera, kumutsatira si chikhulupiriro ayi. Chimene chikutsutsana ndi Mawu a Mulungu sichingakhale chifuniro chake. Choncho pemphera, fufuza Malemba, ndipo funsa makolo ndi akulu a mpingo amene anadutsa m'masiku owawa aja a m'ma 2000 osataya chikhulupiriro. Paja akuluakulu amati safunsa anadya phula.

Ukatero, usakhalenso pansi. Phazi lako loyamba likhoza kukhala kukalembetsa maphunziro a ntchito zamanja, kuyamba kamalonda ku Chisokone kapena ku Masala, kulima dimba, kapena kuvomera ntchito yooneka yaing'ono m'tauni ina. Mantha adzakhalapo, ndipo kuchita mantha si tchimo. Mulungu sanatilonjeze kuti tidzaona tsidya tisanayambe ulendo. Anatilonjeza kuti adzakhala nafe, ndipo Iye sagulitsidwa kapena kutsekedwa monga mgodi.

Sabata ino werengani Yoswa 3, Miyambo 3:5-6 ndi Ahebri 11:8-10, ndipo mukambirane m'magulu anu. Aliyense atchule chinthu chimodzi chimene chili m'manja mwake, anzake amupempherere. Ambuye akudalitseni nonse.