Kabotolo Kamene Sindidakatsekule

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambi umenewu ndidaumvetsa bwino m'chaka cha 2022 pamene ine, munthu amene ndidakula ndikudana ndi chamba, ndidasunga kabotolo ka mafuta a chamba m'kabati ya ku ofesi kwanga ku Capital Hill kwa milungu itatu. Mmawa uliwonse, ndisadagwire faelo iliyonse ya boma, ndinkakatulutsa, kukatembenuzatembenuza, n'kukabwezera pansi pa mapepala. Anzanga a mu ofesi ankayesa ndikuwerenga makalata, osadziwa kuti ndili pa mlandu ndi mtima wanga.

Mwana wathu wachiwiri, wamwamuna, adabadwa mu 2011. Adayenda pa nthawi yake ndipo ankadya bwino, koma pofika zaka zitatu adali asadatchule ngakhale mawu akuti "amama". Ukamuitana sankacheuka, chonsecho phokoso la jenereta ya kwa aneba linkamupangitsa kutseka makutu ndi manja onse awiri n'kumalira ngati walumidwa ndi njuchi. Chimene ankakonda ndi zitsekerero za mabotolo. Ankazindandalika pakhonde mumzere wowongoka kuyambira pakhomo mpaka pamasitepe, ndipo wina akasuntha chimodzi, tsikulo mtendere kunalibe.

Mukudziwa inu awerengi mmene ife Amalawi timaonera zinthu zotere. Sipadapite nthawi ndidamva kuti kumudzi kukumveka zoti mwanayo ndidamukhwimira kuti ndikwezedwe pantchito. Nkhaniyi idandipweteka, komabe idandiseketsanso, pakuti panthawiyo n'kuti nditakhala pa giredi imodzi zaka zisanu ndi chimodzi, ndikukwera minibasi ngati wina aliyense. Apongozi adabwera ndi zitsamba zomusambitsa. Akumpingo adabwera kudzachezera usiku ndi mapemphero. Ife sitidakane chilichonse chifukwa munthu womira amagwira ngakhale udzu. Mu 2015 dokotala wa ana adatiuza kuti mwanayo ali ndi autism. Adatifotokozera kuti ubongo wake umalandira mawu, kuwala ndi kukhudzidwa mosiyana ndi wa ana ena, kuti adabadwa choncho, ndiponso kuti palibe mankhwala ochotsa vutoli. Pambuyo pake ndidawerenga kuti dokotala wina wa ku America, Leo Kanner, adalemba za ana 11 otere kale mu 1943, komanso kuti bungwe la WHO lidayerekeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 aliwonse padziko lapansi amakhala wotere. Ndidadzifunsa kuti kodi makolo a ana onsewa ndi okhwima?

Tidazolowera. Tidaphunzira kuti akagwira dzanja lako n'kuliika pa chitseko cha firiji ndiye kuti akufuna madzi. Koma atakwanitsa zaka khumi zinthu zidasintha. Adayamba kugwa khunyu, zimene madokotala adati zimachitika kawirikawiri kwa ana a autism, ndipo adamuika pa mankhwala otchedwa sodium valproate. Khunyulo lidachepa, koma padabwera china. Adayamba kumenyetsa mutu kukhoma ndi kudziluma padzanja mpaka magazi. Usiku sankagona. Amayi ake, amene ankagulitsa zitenje ku Old Town, adatseka geni yawo kuti azikhala naye. Ine ndinkafika ku ofesi maso ali psu, n'kumawodzera pamisonkhano.

Zonsezi zinkachitika dziko lili mkati mokamba za chamba. Nyumba ya Malamulo ili chapansi pathu pomwepa ku City Centre, kotero kuti nkhani zake timazimva zikadali zotentha. Ndikukumbukira mu 2015 pamene phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, a Boniface Kadzamira, adaimirira n'kupempha kuti dziko lilole ulimi wa chamba chopangira zinthu. Anthu ambiri adawaseka, ine ndemwe. Koma chamba chamtunduwu chidayesedwa ku Chitedze, ndipo mu February 2020 aphungu adavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, pamene kusuta kudakhalabe mlandu. Lesotho idali itatsogola kale mu 2017. Bungwe la Cannabis Regulatory Authority lidakhazikitsidwa, ndipo laisensi yolimira chamba cha mankhwala idaikidwa pa madola 10,000 a ku America. Mu 2021 tidamva kuti nduna ya zaulimi yalembera kalata katswiri wa nkhonya Mike Tyson kumupempha kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Pa zokamba zonsezi, chimene chinkamveka kwambiri m'makutu mwanga ndi ndalama zakunja ndi mbewu yodzalowa m'malo mwa fodya. Mawu akuti "mankhwala" ankatchulidwa, koma wodwala amene adzamwe mankhwalawo ankaoneka kuti ali kutsidya kwa nyanja, osati ku Area 18 kapena ku Kawale.

Ndiyenera kuulula chifukwa chimene ndinkadanirana ndi chomera chimenechi. Kwathu ndi ku Nkhotakota, kumene chamba chimene azungu amachitcha Malawi Gold si nkhani yachilendo. Mkulu wanga, amene adali wanzeru kuposa tonse m'banja mwathu, adayamba kusuta fodya wamkuluyu ali Fomu 2. Pofika Fomu 4 ankalankhula yekha ndi kuthamangitsa anthu amene ife sitinkawaona. Tidapita naye ku chipatala cha anthu odwala maganizo ku Zomba maulendo awiri, ndipo sukulu idathera pomwepo. Mayi anga, asadamwalire, adandigwira dzanja nati, "Mwananga, chomera chimenechi chisadzalowe m'nyumba mwako." Ndidalonjeza.

Kabotolo kaja kadabwera ndi mnzanga wa ku ofesi amene adapita ku msonkhano ku Johannesburg. Adandikokera pambali tikudya nsima masana pa malo ena ku City Centre.

"Achimwene, musandikwiyire. Ndaona mmene mwaondera. Uko ku Joni mafuta awa akugulitsa m'mafamase poyera, ndipo makolo a ana ngati wanu akuti amathandiza. Madontho awiri pansi pa lilime, mwana amagona."

"Koma achimwene, chimenechi si chamba?"

"Ndi chamba, koma adachotsa chozunguza mutu chija."

Ndidalandira, pakuti mphatso yochokera mu mtima sabweza pamaso pa mwiniwake. Madzulo ndidawauza amayi a kunyumba. Iwo adakhala chete kanthawi, kenako adandionetsa mkono wawo umene udali ndi zipsera za mano a mwana wathu. "Abambo, inu mumapita kuntchito. Ine ndi amene ndimakhala naye. Ngati pali chimene chingamupatse tulo, bweretsani." Sindidawayankhe. Ndikadawauza chiyani munthu amene sadagone bwino kwa chaka chathunthu?

Safunsa adadya phula. Ndidayamba kutsalira mu ofesi anzanga akaweruka, n'kumawerenga pa intaneti. Ndidapeza kuti mnzanga uja sadaname kotheratu. M'chamba muli timphamvu tambiri, koma tiwiri ndi timene timatchuka. THC ndi imene imaledzeretsa, ndipo katswiri wa ku Israel, Raphael Mechoulam, ndi mnzake ndi amene adaipatula mu 1964. Ina ndi CBD, imene siledzeretsa. Chamba cha kwathu chimatchuka chifukwa cha THC yochuluka, ndipo THC ndi imene madokotala amaiopa pa ubongo wa mwana amene akukula, makamaka ngati kumtundu kwake kuli matenda a maganizo monga mmene zilili kwathu. Choncho kholo limene lingawiritse masamba ogula kuseri kwa msika n'kumwetsa mwana poganiza kuti ndi "chamba cha mankhwala" chimene boma lidaloleza, likumupatsa chinthu china kotheratu.

Ndidapezanso kuti mu 2018 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, lidavomereza mankhwala a CBD otchedwa Epidiolex, koma a mitundu iwiri yokha ya khunyu lovuta la ana, la Dravet ndi la Lennox-Gastaut. Za autism sadavomereze. Kafukufuku amene adandikhudza kwambiri ndi wa dokotala Adi Aran wa pa chipatala cha Shaare Zedek ku Jerusalem, amene adasindikizidwa mu 2021. Adatenga ana ndi achinyamata 150 a zaka 5 mpaka 21. Ena ankawapatsa mafuta okhala ndi magawo 20 a CBD pa gawo limodzi la THC, ena mafuta ongofanizira opanda mankhwala, kwa milungu 12. Pa muyeso wa madokotala, 49 mwa 100 aliwonse amene adamwa mafuta a chomera chathunthu adaonetsa kusintha kwakukulu pa khalidwe lovuta, pamene mwa omwa mafuta ongofanizira adali 21. Koma pa muyeso wina waukulu, umene ankadzaza ndi makolo, kusiyana sikudaoneke. Ana ena ankangowodzera ndipo ena chilakolako cha chakudya chidachepa. Eni kafukufukuyo sadanene kuti apeza mankhwala, adati pakufunika kufufuzabe.

Chimene chidandiziziritsa nkhongono ndi kafukufuku wina wa mu 2017 m'magazini ya madokotala ya JAMA. Adagula mitundu 84 ya mankhwala a CBD pa intaneti n'kuiyeza. Imene idali ndi mlingo wogwirizana ndi zolembedwa pabotolo sidakwane ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo mu 18 adapezamo THC. Ndidayang'ana kabotolo kanga. Kadali ndi chithunzi chokongola cha tsamba, koma ndani akadanditsimikizira zimene zidali mkatimo?

Mlungu wachitatu ndidalimba mtima n'kukatenga popita ndi mwana kwa dokotala wake. Ndidakaika patebulo ngati mwana wasukulu wogwidwa ndi kalata yachibwenzi. Dokotalayo, mayi wodekha, sadandikalipire. Adati CBD ikakumana ndi sodium valproate ingathe kuvulaza chiwindi, ndipo kumene amaipereka mwalamulo amayeza magazi a wodwala pafupipafupi. Adati iye sangalembe mlingo wa mafuta amene sakudziwa mphamvu yake. Kenako adandifunsa funso limene sindidaliyembekezere.

"Bambo, kodi kwenikweni mukufuna kuchiza chiyani?"

Ndidati kumenyetsa mutu ndi kusagona. Iwo adati mwana wosalankhula akamva kuwawa alibe njira ina yonenera, ndipo adafunsa ngati tidamuonetsako mano. Tidali tisadatero, poti sankalola munthu kumutsekula pakamwa. Patapita masiku adamugoneka ndi mankhwala n'kumuyang'ana. Adapeza dzino lakumapeto litabooka mpaka muzu, chingamu chitatupa. Mwana wanga adakhala ndi ululu umenewu miyezi yambiri, akutiuza ndi mutu wake pakhoma, ife n'kumati ndi autism.

Sindikunena kuti atachotsa dzinolo zonse zidatha. Kumenyetsa mutu kudachepa kwambiri, tulo tidabwerako, koma mpaka lero pamakhala masiku oipa. Chimene chimandiopsa ndi ichi: ndikadamupatsa madontho aja ndipo akadagona, ndikadati mafutawo agwira ntchito, dzino likuwola mkamwa. Komanso funso la dokotala lija lidandivula. Podziyang'ana bwino ndidapeza kuti mbali ina ndinkafuna kuti mwana asiye kuvutika, koma mbali ina ndinkafuna kuti asiye kundichititsa manyazi, kuti asamakupize manja ndi kung'ung'udza m'tchalitchi, kuti anthu asamatiyang'ane m'sitolo. Kukupiza manjako sikumupweteka, n'kumene kumamukhazika mtima pansi. Wofunika mankhwala pamenepo ndidali ine.

Kabotolo kaja ndidakabweza kwa mwiniwake kosatsekula, ndipo ndidamuthokoza chifukwa adachita zimenezi mwachikondi. Amayi a kunyumba adandikwiyira masiku angapo. Sindiwaimba mlandu, ndiponso sindiweruza kholo lililonse limene lidatsekula botolo lake. Amene sadachezere usiku atagwira mutu wa mwana kuti usagunde khoma asafulumire kuloza chala.

Komabe maganizo anga pa chomera chija adasintha. Lonjezo limene ndidapereka kwa mayi anga lidali lokhudza utsi umene udatenga mkulu wanga. Ngati tsiku lina kafukufuku adzatsimikiza kuti CBD imathandiza ana ena a autism, ndipo dokotala wa mwana wanga adzalemba mlingo wake papepala, ndidzapita ku famase mosabisala. Pempho langa kwa anzanga a m'boma ndi lakuti, poti tidaloleza mbewuyi, tilambulenso njira yochokera kumunda kufika kwa wodwala wa kuno kwathu. Tili ndi sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences imene ingafufuze pa ana athu omwe, ndiponso bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority limene ntchito yake ndi kuona kuti mankhwala ndi oyenera. Popanda zimenezi makolo adzapitiriza kulandira mabotolo m'zikwama za anthu ochokera ku Joni, kapena choipa koposa, kuwiritsa masamba. Ndipo tisadafike n'komwe pa mafuta odulawa, ana athu akusowa zinthu zapafupi: aphunzitsi ambiri onga amene amasulidwa ku Montfort ku Chiradzulu, akatswiri ophunzitsa kulankhula, ndi dokotala wa mano amene ali ndi chipiriro ndi mwana wosalankhula.

Mnyamata wanga tsopano msinkhu wandifika m'khutu. Amadziwa mawu ochepa, ndipo zina amatiuza poloza zithunzi zimene amayi ake adamata pa katoni. Pakati pa zithunzizo pali cha mutu, cha mimba ndi cha dzino. Loweruka lililonse ndimamubweretsera zitsekerero za mabotolo zimene anzanga a ku ofesi amanditolera mkati mwa mlungu, ndipo amene amatola zambiri ndi mnzanga uja wa kabotolo. Timakhala pakhonde awiriwiri, iye akundandalika, ine ndikumupatsira chimodzichimodzi.