Nyambo ya Mfumukazi

Anthu a kwathu ku Chikomeni, popeza anakulira pa nsolo, akaona masewera a chess amaseka, nati anthu awiri angokhala cete ngati ali pamaliro. Koma nkhalamba za nsolo zidziwa kuti mnzako akakupatsa cakudya mosabvuta uyenera kuyamba waona kumene cacokera, ndipo nzeru yomweyi ndiyo igona m'kayambidwe kochedwa Queen's Gambit. Woyera aika msilikali pa d4, wakuda ayankha pa d5, tsono woyera apereka msilikali wina pa c4 monga nyambo. Mu 1927 ku Buenos Aires, pamene Alekhine analanda ufumu wa chess kwa Capablanca, pa masewera 34 anayamba motere ka 32, ndipo monsemo wakuda anaikana nyamboyo.

Tsiku lina kagulu kathu kanakomana ndi ka ku Boma la Lundazi, ndipo ine ndinagwera pa aphunzitsi anga akale, omwe anandisonyeza kalumphidwe ka kavalo ndiri mwana, namatisimbira za Amon Simutowe, amene mu 2009 anakhala Grandmaster woyamba wa Zambia. Iwo anadya msilikali wa pa c4. Kudyako si colakwa ai. Coipa ndico kuumirira cimene wadya. Nditaika wanga pa e3, anaciriza wao ndi wa pa b5. Ndinakankha wa pa a4, iwo wa pa c6. Tinadyerana pa b5, ndipo njira ya ku nsanja yao ya pa a8 inatsala pululu.

Apa dzanja langa linalema. Kagulu kathu kanali kufuna cigonjetso cimodzi cokha kuti kapambane, anzanga ali ciriri kumbuyo kwanga. Komanso kwathu mwana sagwetsa mkulu pabwalo anthu akuona. Ndinaganiza kuti kuwalekera dala ndiko kukanakhala cipongwe coposa, pakuti akanazindikira msanga, eni ace a nzeruzo. Ndinanyamula mfumukazi ndi kuikhazika pa f3.

Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, nabvula magalasi, nawapukuta ndi malaya. Pomaliza anapereka kavalo kuti aombole nsanja, nalimbana nane kufikira dzuwa litapendeka. Pogoneka mfumu yao anati, "Iwe mwana, msampha uwu unauphunzira kuti?"

"Kwa inu, aphunzitsi," ndinayankha motero, ndikugwira dzanja lao ndi manja awiri.