Kamera Ikakana Kuyaka

Wojambula zithunzi wa m'Chawama amadyera maukwati a pa Ciweru. M'caka ca 2024, pamene madzi anacepa m'Kariba ndipo magetsi anali kuzima nthawi yaitali, wina anayamba kuika pulogalamu yatsopano m'kamera yace, batire lili losadzaza. Batire linatha nchito ili pakati. Kamera inangoti zii, ukwati uli mkuca, ndalama za eni ace atalandira kale.

Pulogalamuyo ndiyo imadzutsa kamera. Ikalowa theka, kamera siyaka. Cofunika ndi kucotsa batire, kulidzaza, kusunga pena zithunzi za pa khadi, kulifufuta, kuikaponso pulogalamu ndi kuyesanso. Zikakanika, yatsala nchito ya mmisiri, ndipo mtengo wace ngowawa. N'cifukwa cace odziwa amayamba adikira kuti ukwati upite.