Kuwerenga Mabowo Si Kuyeza

Ife a m'mbali mwa nyanja timadalira mapikiapu akale, pakuti ndiwo amanyamula usipa, chimanga ndi abale athu pa msewu wa Makanjira. Marimu a galimoto yatsopano akapezeka motchipa, timathamangira kuwerenga mabowo: asanu ndi limodzi uku, asanu ndi limodzi uko, basi talipira.

Komatu chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Pa Nissan Hardbody mabowowo azungulira bwalo lotambasuka mamilimita 139.7, pamene pa Navara D40 ndi 114.3. Rimu ya Ford Ranger mabowo ake amafanana ndi a Hilux ya 4x4, koma bowo lapakati ndi la mamilimita 93, silingalowe pa habu ya 106. Ngakhale ya Hilux yatsopano imakhalira m'kati kwambiri, mwakuti pa yakale tayala likhoza kukhulana ndi zitsulo za chiwongolero pokhota. Marimu a aluminiyamu a Toyota nawonso amafuna manati awoawo, okhala ndi mawashala.

Tsono tisalole kuti bowo likulitsidwe ndi tupa. Amakaniko ayeze, ayambe ayesa rimu imodzi kutsogolo, ndipo tikayenda makilomita 50 timangenso manati. Kumbuyo kwa galimotoyo kumakhala ana a eni, amene amakwera potikhulupirira, osayang'ana n'komwe marimuwo.